Kodi Moto wa m'Galimoto Uchokera Kuti?

M'miyezi ya June ndi July, pamene chisanu chilimba m'boma la Mzimba, si chachilendo kuona galimoto itakana kulira m'mamawa. Aulendo a ku Euthini kapena ku Embangweni atsika, amuna ayamba kukankha, ndipo dalaivala atulutsa mutu pazenera nafuula kuti alimbike. Galimoto ija itsokomola kawiri katatu, kenaka nkulira, anthu nakwera ali wefuwefu. Wina akafunsa chimene chinavuta, amuyankha mwachidule kuti, "Inalibe moto." Mawu amenewa ndi oona, koma ndi owerengeka amene adziwa kuti motowo ndi wotani, ndi kumene uchokera. Kusadziwa kumeneku kutayitsa anthu ndalama zambiri. Mwini galimoto agula batire latsopano pamene chovuta chinali lamba wokhwepa. Wina aononga chipangizo cha mtengo wapatali chifukwa chofuna kufulumira. Ndipo m'zigayo alipo anyamata amene anathyoka dzanja poliza injini.

Nkhaniyi si yovuta monga anthu aiyesera. Zipangizo zazikulu za magetsi za m'galimoto, kuyambira chimene chiliza injini kufikira chimene chidzaza batire, zili ana a mimba imodzi. M'kati mwa chilichonse muli zinthu ziwiri, ndizo maginito ndi waya wokulunga. Munthu akamvetsa mmene ziwirizi zigwirira ntchito pamodzi, wamvetsa moto wa m'galimoto, wamvetsanso mota ya chigayo, ndi magetsi amene anthu a m'mudzi wina wa m'boma la Mzimba anadzipangira okha.

MAGINITO NDI WAYA

Amene anatulukira chinsinsi chimenechi ndi Michael Faraday wa ku England, mwana wa mmisiri wosula zitsulo. Iye sanapite patali ndi sukulu. Anayamba ntchito yomanga mabuku akali mnyamata, ndipo nzeru zambiri anazitola powerenga mabuku amene anali kumangawo. M'chaka cha 1821 anaonetsa kuti waya wokhala ndi magetsi, akaikidwa pafupi ndi maginito, ayenda mozungulira. M'chaka cha 1831 anapeza mbali yachiwiri, yakuti munthu akayendetsa maginito pafupi ndi waya wokulunga, mu wayamo mubadwa magetsi ngakhale palibe batire.

Tsono malamulo alipo awiri. Makina otere akapatsidwa magetsi azungulira. Imeneyo ndiyo mota. Akazungulitsidwa ndi dzanja, madzi kapena mphepo atulutsa magetsi. Imeneyo ndiyo dainamo. Mota ndi dainamo ndi chinthu chimodzi, monga khomo lolowera m'nyumba lili lomwelo lotulukira.

Aliyense amene anakwerapo njinga ya nyale usiku anaona lamulo lachiwirili ndi maso. Kabotolo kachitsulo kamene kakhudza tayala kali ndi maginito m'kati, ndipo mozungulira maginitowo muli waya. Wopalasa akalimbika nyale iwala. Akafika pachitunda nachepetsa liwiro nyale ifooka. Akaima, mdima bii. Apa pali chinthu choyenera kuchisunga, pakuti chidzabweranso kutsogoloku: maginito ongokhala phee sapanga magetsi. Chimene chibala magetsi ndi kusintha, ndipo kusinthako kukachitika mofulumira magetsinso akula.

Aphunzitsi angathe kuonetsa ana ubale wa magetsi ndi maginito osagula kanthu kodula. Atenge msomali wa mainchesi 4, akulungepo waya wakopa wokutidwa maulendo 50 kapena kuposa, apale nsonga ziwiri za wayayo ndi kuzikhudzitsa ku batire limodzi la tochi kwa kanthawi. Msomaliwo unyamula mapini. Akachotsa nsonga imodzi, mapini ambiri agwa. Batire la galimoto lisagwiritsidwe pa phunziro limeneli, chifukwa waya afiira ndi kuwotcha zala za ana.

INJINI YA PETULO NDI MBALIWALI YAKE

M'kati mwa injini muli mabowo onga mitondo, otchedwa masilinda, ndipo m'bowo lililonse muyenda pisitoni monga musi, kutsika ndi kukwera. Potsika poyamba ikoka mpweya wosakanizana ndi petulo. Pokwera iupanikiza. Pamenepo moto uyatsa mpweyawo, ndipo kuphulika kwake kukankhira pisitoni pansi ndi mphamvu. Pokwera kachiwiri itulutsa utsi. Injini ya maulendo anayi otere anaipanga Nikolaus Otto wa ku Germany m'chaka cha 1876. Mphamvu yonse ichokera pa ulendo wachitatu, ndipo ulendowo sungachitike popanda moto wofika pa nthawi yake yeniyeni. Injini ya masilinda anayi ikamazungulira maulendo 3,000 pa mphindi imodzi, ifuna moto maulendo 6,000 pa mphindi yomweyo, ndiko kuti maulendo 100 pa sekondi. Palibe machesi amene angathe ntchito yotere.

Amisiri oyamba anavutika nazo ndithu. Ena anali kuika kachubu m'mutu mwa silinda, nakatenthetsa ndi nyale yoyaka kunja kufikira katafiira. Mphepo ikawomba nyale inali kuzima, ndipo galimoto ikagubuduzika petulo anali kugwira moto. Njira yabwino inachokera m'nyumba ya ntchito ya Robert Bosch ku Stuttgart. M'chaka cha 1887 iye anapanga chipangizo chotchedwa magneto cha injini yokhala malo amodzi, ndipo mu 1897 anachiika pa injini yoyenda pamsewu. Mu 1902 mmisiri wake, Gottlob Honold, anapanga magneto yamphamvu yogwira ntchito pamodzi ndi pulagi. Dzina lakuti magneto lifanana ndi maginito, ndipo si mwangozi ayi, pakuti magneto ndi dainamo yaing'ono imene ntchito yake ndi kupanga moto wa pulagi basi.

Pulagi ndi chipangizo cholowa m'mutu mwa silinda. Kunsonga kwake kuli timano tiwiri tachitsulo tosiyana mpata wa pafupifupi milimita imodzi. Magetsi akakhala ndi mphamvu yokwanira alumpha mpatawo monga mphezi yaing'ono, ndipo mbaliwali yake ndiyo iyatsa petulo. Timano tikadyeka mpata nukula, kapena tikakutidwa ndi mwaye, mbaliwali ifooka, injini niyamba kudumphadumpha ndi kumwa petulo wambiri.

Magneto sinathe ntchito ayi. Ikali m'majenereta ang'onoang'ono, m'mapampu a petulo othirira madimba, ndi m'njinga zamoto zambiri za kabaza zimene zipezeka pa Jenda, pa Euthini ndi pa boma. Nchifukwa chake njinga zotere zilira ndi kuponda kokha ngakhale batire litatheratu.

KOILO

Magneto ili ndi vuto lofanana ndi la nyale ya njinga: injini ikamazungulira pang'onopang'ono, monga poiliza, moto wake uchepa. Amene anakonza vuto limeneli ndi Charles Kettering wa ku Ohio m'dziko la America, munthu amene anayamba wakhala mphunzitsi wa sukulu ya kumudzi. Mu 1909 iye ndi anzake anayambitsa kampani ya Delco mumzinda wa Dayton, ndipo magalimoto a Cadillac a mu 1910 anatuluka ndi njira yake yotenga moto ku batire.

Batire la galimoto lili ndi zipinda 6, chilichonse cha mavolti 2, zonse pamodzi 12. Mphamvu imeneyi singalumphe mpata wa pulagi ngakhale pang'ono. Pafunika mavolti 10,000 kapena kuposa. Chimene chikweza mphamvuyi ndi koilo. M'kati mwake muli chitsulo, ndipo pa chitsulocho akulungapo mawaya awiri. Woyamba ndi wonenepa, wa mikombero mazana owerengeka. Wachiwiri ndi wowonda ngati tsitsi, wa mikombero pafupifupi 20,000. Magetsi a batire alowa mu waya wonenepa nasandutsa chitsulo chija maginito, monga msomali wa m'kalasi uja. Kenaka njira ya magetsi idulidwa mwadzidzidzi. Maginito azimirira m'kuphethira kwa diso, ndipo kusintha kofulumira kumeneku kubala magetsi mu waya wowonda. Popeza mikombero yake ndi yochuluka chotero, mphamvu ikwera kufika mavolti 20,000 kapena kuposa. Chodabwitsa ndi chakuti moto ubadwa podula, osati polumikiza.

Kale chodula njira ya magetsi chinali timano tiwiri totchedwa mapointi, totseguka ndi kutsekeka injini ikamazungulira, ndipo chipangizo chotchedwa distributor chinali kugawira mapulagi moto motsatana. Magalimoto a ku England amene anayenda m'misewu ya dziko lino m'masiku a Nyasaland, monga Land Rover, Austin ndi Morris, anali ndi zipangizo zotere, zambiri zopangidwa ndi kampani ya Lucas ya ku Birmingham. Dalaivala wanzeru wa masiku amenewo sanali kuyenda wopanda kafayilo m'thumba. Mapointi akapsa anali kuwapala pansi pa mtengo, ulendo nupitirira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 mapointi anayamba kuchoka, ndipo m'magalimoto a masiku ano chodula ndi kakompyuta, ambiri ali ndi koilo yakeyake pamwamba pa pulagi iliyonse. Moto wake ndi wabwino koposa wakale ndipo petulo achedwa kutha. Koma zinthuzi zikafa sizipalika ndi fayilo, ndipo makaniko afuna makina oyezera amene sapezeka pamudzi uliwonse. Kotero mwini galimoto yotere asalole anyamata kukhuthulira madzi pa injini poitsuka kumtsinje. Madzi akalowa m'mabowo a mapulagi, moto usokera osafika m'silinda.

SITATA

Injini ili ndi chilema chimodzi chachikulu: singadziyambe yokha. Kuti moto woyamba uyake, pafunika china chake chizungulitse injini kuchokera kunja, ndipo kale ntchito imeneyi inali ya mkono wa munthu. Kutsogolo kwa galimoto kunali bowo lolowetsamo handulo, dalaivala napukusa kufikira injini italira. Moto ukayaka msanga pisitoni isanafike pamwamba, injini inali kubwerera m'mbuyo, handulo nimenya wopukusayo. Ambiri anathyoka mikono ndi nsagwada mwa njira imeneyi.

Anthu anali kuyesa kuti mota yotha kuzungulitsa injini iyenera kukhala yaikulu kwambiri, yosakwana m'galimoto. Kettering anaona mwina. Iye anali atapangapo mota yaing'ono ya makina owerengera ndalama m'masitolo, ndipo anadziwa kuti mota yaing'ono itha kugwira ntchito yoposa msinkhu wake ngati ntchitoyo ili ya kanthawi, monga munthu atha kukweza thumba lolemera pangolo ngakhale sangayende nalo ulendo wa ku Mzuzu. Sitata yake inatuluka pa Cadillac ya mu 1912. Handulo sinachoke msanga ayi. Land Rover, imene inayamba kupangidwa mu 1948, inali kubwera nayo kwa zaka zambiri, ndipo akuluakulu akuikumbukira.

Dalaivala akapotoza kiyi, kagudumu ka mano ka sitata kalumphira m'mano a gudumu lolemera la kumbuyo kwa injini, nikalizungulitsa. Injini ikalira kabwerera m'malo mwake. Pa kanthawi kameneka sitata imwa magetsi ochuluka zedi, ma ampere 100 kapena 200, pamene nyale imodzi yakutsogolo imwa pafupifupi 5. Nchifukwa chake waya wa ku sitata ndi wonenepa ngati chala. Nchifukwa chakenso sitata siyenera kuzungulira kupitirira masekondi 10 pa ulendo umodzi. Injini ikakana, dalaivala apumitse sitata theka la mphindi kapena kuposa. Woumirira aiwotcha, pakuti inapangidwira kukweza thumba, osati kuyenda nalo.

Kawirikawiri wailesi ilira, nyale ziyaka, koma popotoza kiyi pangomveka "ke!" basi. Ambiri athamangira kunena kuti batire lafa. Asanagule lina, munthu ayang'ane mitu ya batire. Ikakhala yokhwepa kapena yokutidwa ndi ufa woyera, magetsi ochepa a wailesi adutsa koma ochuluka a sitata alephera. Kuitsuka ndi madzi otentha osungunuliramo soda, kuipala, kuimanga zolimba ndi kupakapo girisi pang'ono kwadzutsa magalimoto ambiri. Za chisanu nazo zili ndi chifukwa chake. Kukazizira mankhwala a m'batire agwira ntchito mwaulesi, ndipo oyilo wa m'injini alimba, kotero kuti sitata ifuna mphamvu yambiri pa nthawi imene batire lili nayo yochepa. Batire lokalamba libisa ukalamba wake mu October, koma mu June pa Mzimba kapena pa Chikangawa uonekera poyera.

Injini ya dizilo, imene iyendetsa malole ndi mathirakitala ndi kugaya chimanga m'midzi yosafikako magetsi, ilibe koilo ngakhale pulagi ya mbaliwali. Rudolf Diesel, amene injini yake inayenda bwino mu 1897, anagwiritsa nzeru imene aliyense wopopa tayala la njinga aidziwa, yakuti mpweya ukapanikizidwa utentha. M'injini yake mpweya upanikizidwa kwambiri kufikira kutentha kwake kupitirira madigiri 500, ndipo dizilo akapoperedwamo ayaka yekha. Timahita ta m'magalimoto a dizilo ntchito yake ndi kufunditsa silinda m'mawa basi. M'zigayo zambiri za dizilo handulo ikalipo, ndipo ngozi yake ndi yomwe ija. Wopukusa aike chala chachikulu mbali imodzi ndi zala zinazo, osakumbatira handulo, kuti ikabwerera ipulumuke m'dzanja. Asavale malaya olendewera, ndipo ana asayandikire lamba.

CHODZAZA BATIRE

Batire ndi nkhokwe, si munda ayi. Silibala magetsi, lingosunga amene laikiridwa. Batire la mtovu ndi asidi lotha kudzazidwanso analitulukira Gaston Planté wa ku France mu 1859, ndipo mtundu womwewo ndiwo uli m'magalimoto ambiri kufikira lero. M'magalimoto akale chodzaza batire chinali dainamo yozungulitsidwa ndi lamba wochokera ku injini. Dainamoyo inali kupereka magetsi ochepa injini ikamalira galimoto ili chiimire. M'malo mwake munalowa alternator, imene kampani ya Chrysler inayamba kuika m'magalimoto ake a Valiant mu 1960. Maginito a m'kati mwa alternator si okhalitsa ngati a dainamo ya njinga. Ali ngati msomali uja: afuna magetsi pang'ono ochokera ku batire kuti adzuke.

Pa dashibodi pali kanyale kofiira ka chithunzi cha batire. Kakayaka galimoto ili kuyenda, katanthauza kuti nkhokwe ikutapidwa koma simukulowa kanthu. Choyamba kuyang'ana ndi lamba, amene angakhale wokhwepa kapena woduka. Dalaivala aime msanga, pakuti m'magalimoto ambiri lamba yemweyo ndiye ayendetsanso pampu ya madzi oziziritsa injini. Makaniko wokhala ndi kamita athetsa mkangano m'mphindi imodzi: batire lodzaza bwino liwerenga mavolti 12.6 injini ili chete, ndipo injini ikalira liyenera kuwerenga pafupifupi 14. Likapanda kukwera, batire latsopano nalonso lidzatha m'masiku ochepa.

Pali chizolowezi china chofala chimene chiyenera kutha. Galimoto ikakana, anthu abwereka batire kwa mnzawo, aliza injini, kenaka achotsa batire lobwerekalo injini ikali kulira nabwezerapo lakufa lija. Pa kanthawi kamene batire lachotsedwa, mphamvu ya alternator isowa kopita nilumpha mwadzidzidzi, ndipo itha kuwotcha alternator yomweyo kapena kakompyuta ka injini, kamene mtengo wake uposa wa mabatire angapo. Njira yoyenera ndi kulumikiza mabatire awiriwo ndi mawaya onenepa, wofiira ku mitu ya chizindikiro cha mtanda, wakuda ku mutu winawo wa batire labwino, ndipo nsonga yake yotsiriza ku chitsulo cha injini yodwalayo kutali ndi batire. Chifukwa chake ndi chakuti batire litulutsa mpweya woyaka, ndipo mbaliwali imodzi kapena ndudu itha kuliphulitsa, asidi nalowa m'maso. Kukankha kuthandiza galimoto ya magiya a dzanja imene batire lake lafooka chabe. Galimoto yosintha magiya yokha, monga zambiri zochokera ku Japan, siilira ndi kukankha ngakhale mudzi wonse utatuluka.

Mabatire ambiri a galimoto atsirizira m'nyumba, kuliza wailesi ndi kuyatsa mababu. Satha zaka pa ntchito imeneyi, chifukwa anapangidwira kupereka mphamvu yaikulu kwa masekondi ochepa, osati kukamidwa usiku uliwonse kufikira atauma. Batire likafa lisaswedwe pakhomo. Mtovu wake ndi poizoni amene aononga ubongo wa ana, ndipo fumbi lake likhala m'dothi zaka zambiri.

MAKINA OMWEWO ATATEMBENUZIDWA

Magetsi ochokera ku mitsinje atsata lamulo lomwelo la Faraday, kusiyana kwake ndi kukula kwa makina. Ku Livingstonia, m'masiku a Dr Robert Laws, madzi anayamba kuyatsa nyale mu 1905, ndipo makina a pa Nkula pa mtsinje wa Shire anayamba ntchito mu 1966. M'malo a malonda kumene mawaya a ESCOM anafika, zigayo ziyenda ndi mota ya mtundu umene Nikola Tesla analembetsa ku America mu 1888, yolimba ndi yosavuta kusamala. Mota yaikulu yotere idya magetsi pa mawaya atatu. Mmodzi akazima, iyo ing'ung'udza nitentha, ndipo wogayitsa aizimitse pomwepo isanapse.

Koma midzi yambiri mawaya sanaifikire, ndipo anthu ena sanafune kungodikira. William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, m'boma la Kasungu loyandikana ndi Mzimba, analeka sukulu ya sekondale posowa fizi pa nthawi ya njala ya mu 2001 ndi 2002. Powerenga mabuku a m'laibulale yaing'ono ya kwawo anamvetsa ntchito ya dainamo, ndipo ali ndi zaka 14 anaimika nsanja ya mitengo ya bulugama, naikapo fani ya thirakitala, mapiko a paipi ya pulasitiki, chimango cha njinga ndi dainamo. Mphepo inalowa m'malo mwa wopalasa, nyale niyaka m'nyumba ya makolo ake.

M'boma la Mzimba momwe muno, Bambo Colrerd Nkosi anabwerera kwawo ku mudzi wa Yobe Nkosi mu 2006 atatsiriza sekondale. Sanaphunzirepo za magetsi pa nthawiyo. Anayamba ndi kuika njinga mumtsinje wothamanga wa pafupi ndi nyumba yawo, naona kuti madzi atha kuizungulitsa; dainamo ya njinga inawapatsa nyale yoyamba. Pambuyo pake anasandutsa kompuresa ya firiji yakale kukhala makina opangira magetsi, nayatsa nyumba 6. Anthu ofuna magetsi atachuluka, anapanga makina okulirapo ndi mota ya makina otonolera chimanga amene anali atasiya ntchito. Pofika mu 2021 mawaya opachika pa mitengo anali kuyenda mtunda wa pafupifupi makilomita 2, kupereka magetsi m'nyumba ndi pa sukulu ya pulayimale ya Kasangazi. Mu 2018 Mfumukazi Elizabeth II inawapatsa mphoto yotchedwa Commonwealth Point of Light. Chimene Bambo Nkosi anachita ndi kutembenuza mota. Makina amene anapangidwira kudya magetsi ndi kuzungulira, iwo anawazungulitsa ndi madzi, makinawo natulutsa magetsi.

Anyamata ambiri akamva nkhani zimenezi afuna kuyesa, ndipo nkoyenera kutero, koma adziwiretu zopinga zake. Mavolti 12 a batire sagwira munthu nyesi, koma 230 a magetsi a m'nyumba apha, ngakhale atachokera ku makina opanga pamudzi. Waya wosakutidwa wopachika pamtengo waufupi ndi msampha kwa ana ndi ng'ombe. Makina opanda chowongolera mphamvu akwera ndi kutsika monga madzi achitira, ndipo mvula ikagwa kumtunda atha kuwotcha mawailesi a mudzi wonse. Wofuna kupereka magetsi kwa anansi ayambe wafunsa a bungwe la MERA, limene liyang'anira za magetsi m'dziko lino, ndipo mawaya a m'nyumba aikidwe ndi mmisiri wa chiphaso. Ambiri athamangiranso alternator ya galimoto yakufa nakhumudwa nayo. Iyo siyamba kudzaza batire isanafike maulendo oposa 1,000 pa mphindi, pamene gudumu la madzi kapena la mphepo lizungulira mwapang'onopang'ono, kotero pafunika mapule ndi malamba okweza liwiro. Ndiponso idya gawo la magetsi ake omwe podyetsa maginito ake.

Chachikulu koposa ndi madziwo. Mphamvu ya mtsinje ili pa zinthu ziwiri, kuchuluka kwa madzi ndi kutalika kwa pamene agwera, ndipo zonse ziwiri zitheka kuyesa ndi ndowa, wotchi ndi chingwe. Madzi odzaza ndowa ya malita 20 m'masekondi 2, akagwa mamita 10 m'paipi, apereka mawati pafupifupi 500 pa makina opanga pamudzi, atachotsapo theka limene litayika m'njira. Amenewa ayatsa mababu 100 a mawati 5, koma sangayendetse chigayo, chimene mota yake kawirikawiri ifuna mawati 7,000 kapena kuposa. Ndowa yomweyo ikadzaza m'masekondi 20, madzi nagwa mamita 2 okha, zotuluka ndi mawati 10, ndiwo mababu awiri. Nchifukwa chake makina a madzi ayenera malo a mapiri monga a ku Viphya, kumene timitsinje titsika mothamanga. M'zigwa za ku Euthini, kumene timitsinje tambiri tisanduka mchenga m'chilimwe, sola ndiyo ithandiza koposa, ndipo iyo yokha mwa zonsezi ilibe maginito kapena chozungulira m'kati mwake. Woyesa mtsinje apite ndi ndowa yake mu October madzi atachepetsetsa, osati mu February.